Diripi ya mavitamini kunyumba: mafunso ndi mayankho

Kale munthu ukamva kuti wodwala "amuika madzi" unkadziwa kuti matenda akula, ndipo achibale ankayamba kuitanizana. Masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pamadutsa zithunzi za anthu otchena atakhala pa sofa, foni dzanja lino, paipi dzanja linali, akuti akuwonjezera mphamvu, akuyeretsa khungu kapena akuchotsa babalazi. Zinayambira kunja, zinafika ku Johannesburg ndi ku Lusaka, ndipo kuno ku Chipata anthu ayamba kufunsa ngati angagule botolo ndi kanyula, kapaipi kakang'ono kolowetsa mumtsempha, n'kudziika okha, kapena kuitana wina wodziwa kubaya. Mafunso ake ndi awa.

Kodi m'botolo la diripi mumakhala chiyani kwenikweni?

Mabotolo amene amapachikidwa kawirikawiri m'mawodi ndi amitundu itatu. Pali normal saline, madzi oyera okhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi. Pali Ringer's lactate, momwe kuwonjezera pa mchere muli potaziyamu ndi kashiamu pang'ono, ndipo ndi amene amathamangira naye kwa wodwala kolera. Ndiye pali dextrose, madzi a shuga. Ameneyu ndiye anthu amamutama kuti ndi chakudya, chonsecho botolo la 500 ml la dextrose 5% lili ndi magalamu 25 okha a shuga, ochepa kuposa amene ali m'botolo la Coca-Cola. Mmenemo mulibe nsima, mulibe nyemba, ndipo sawonjezera magazi ngakhale dontho.

Diripi ya mavitamini ndi madzi omwewo, kungoti amathiramo vitamini C, mavitamini a gulu la B amene amachititsa madziwo kukhala achikasu, maginiziyamu, kashiamu, mwinanso glutathione, mankhwala amene amati amayeretsa khungu. Kasakanizidwe kotchuka kamatchedwa Myers' cocktail, potengera dzina la John Myers, dokotala wa ku Baltimore ku America amene anamwalira mu 1984. Iyeyo sanasindikize muyezo wa zimene ankathira. Obwera pambuyo pake anachita kulumikiza okha, ndipo mpaka lero wogulitsa aliyense amasakaniza mwake.

Ngati ndi madzi, mchere ndi mavitamini, zinthu zimene thupi limazifuna kale, choopsa n'chiyani?

Choopsa ndi njira yake. Chilichonse chimene timadya chimayamba chafika m'chifu momwe muli asidi wopha tizilombo tambiri, chimapita m'matumbo amene amatenga mlingo wofunika n'kusiya zotsalazo, kenako chimadutsa m'chiwindi chisanafalikire thupi lonse. Mukadya ndiwo zosasa, thupi limabweza: mumasanza, mumatsegula m'mimba, mawa lake muli bwino. Mumtsempha mulibe kubweza. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo mtima umawazunguliza onsewo m'mphindi imodzi. Chimene chalowa pa kanyula, kaya ndi mankhwala oyenera, kaya ndi olakwika, kaya ndi kachilombo ka pa chala, chafika kale ku mtima, ku mapapo ndi ku ubongo musanamalize n'komwe kumata pulasitala.

N'chifukwa chake ku chipatala diripi imayenda ndi zinthu zina zimene pa chithunzi cha pa Facebook sizioneka. Wina wayeza BP, wamvetsera mapapo, wafunsa za impso ndi shuga, wawerengera kuti munthu wa makilogalamu awa alandire madzi ochuluka bwanji pa maola angati, ndipo pafupi pali adrenaline ndi okosijeni ngati zinthu zatembenuka. Kubaya mtsempha ndiko kophweka pa zonsezi.

Maganizo anga ndi akuti nkhaniyi ili pawiri basi. Munthu amene akutha kumwa ndi kudya, diripi alibe nayo ntchito. Munthu amene sakuthanso kumwa wadwala kwambiri moti malo ake ndi ku chipatala.

Chingachitike n'chiyani nthawi yomweyo, botolo lili lopachikidwa?

Choyamba ndi thupi kukana mankhwala mwadzidzidzi, zomwe achipatala amati anaphylaxis. Vitamini B1 wobaya mumtsempha ndi ayironi ndi zina mwa zodziwika pa vutoli. Munthu amayamba kuyabwa, milomo ndi lilime zimatupa, pakhosi pamatsekeka, BP imagwa. Zimatha kuchitika ngakhale kwa amene analandirapo mankhwala omwewo kale popanda vuto. Chopulumutsa ndi jekeseni ya adrenaline m'mphindi zochepa. Ngakhale mukhale pafupi, ku Kapata kapena ku Mchini, kuti mupeze taxi usiku, muinyamule nkhalamba, mufike ku Chipata Central Hospital, mphindi zimenezo zatha. Nanga wa kumudzi ku Chadiza kapena ku Vubwi amene amadalira honda kapena ngolo?

Chachiwiri ndi michere imene imayendetsa kagundidwe ka mtima. Potaziyamu akalowa msangamsanga amaimitsa mtima, ndipo kabotolo kake kamatha kufanana kwambiri ndi ka madzi osungunulira mankhwala. Mu July 2023 mayi wina ku Texas anamwalira atalandira diripi pamalo okongoletsera thupi, ndipo mwa zomwe anamuika munali potaziyamu. Maginiziyamu akathamanga amagwetsa BP, amafooketsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma. Kashiamu naye amasokoneza mtima, ndipo akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu n'kusiya chilonda chovuta kupola.

Chachitatu ndi mpweya. Timathovu ting'onoting'ono ta m'paipi nthawi zambiri mapapo amatisefa. Mpweya wochuluka umatseka njira ya magazi kuchoka ku mtima kupita ku mapapo. Palinso china: pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ali ndi kabowo kakang'ono pakati pa zipinda za mtima kamene sikanatsekeke atabadwa, ndipo ambiri sadziwa. Kwa woteroyo mpweya ungadutse n'kukafika ku ubongo, n'kuyambitsa sitiroko.

Wodziika yekha ali ndi vuto linanso losavuta kulimvetsa. Akayamba chizungulire, dzanja lotseka paipi ndi lake lomwelo.

Nanga zikadutsa bwinobwino tsiku limenelo, ndiye kuti zatha?

Ayi ndithu. Pakhungu pa munthu aliyense pamakhala mabakiteriya, ndipo kanyula imawatsegulira njira. Patapita tsiku limodzi kapena atatu mtsempha umafiira, umalimba, umatentha. Pena pamatuluka mafinya. Tizilomboto tikalowa m'magazi munthu amanjenjemera, thupi limatentha, amapuma mofulumira, mutu umasokonezeka. Kuno kwathu zizindikiro zimenezi aliyense amati ndi malungo, choncho amagula Coartem, n'kutaya masiku awiri ofunika kwambiri. Tizilombo tina timakakhazikika pa mavavu a mtima, ndipo kuchiza kwake ndi milungu ingapo ya mankhwala obaya m'wodi.

Botolo lenilenilo lingakhalenso gwero. Likabooledwa kuti athiremo mavitamini pa tebulo la pabalaza, kapena kabotolo kamodzi kakagawidwa kwa anthu atatu ndi sirinji imodzi, mabakiteriya amaswana m'madzi a shugawo, ndipo HIV ndi hepatitis B ndi C zimayenda pa zida zobwerekana. Kuwiritsa nyeleti m'poto sikuchotsa ngozi imeneyi.

Madzi okhaokha angachuluke bwanji m'thupi? Si munthu amangokodza?

Amakodza ngati mtima ndi impso zili bwino. Koma taganizirani anthu amene timafuna kuwaika diripi: agogo ofooka, bambo wa BP, mayi wa shuga, wodwala wa nthawi yaitali. Amenewa ndi omwe mtima kapena impso zawo zingakhale zitatopa kale iwo osadziwa. Lita imodzi ya normal saline ili ndi mchere woposa magalamu 5 amene bungwe la WHO limati munthu asapitirire pa tsiku lathunthu. Madzi akakanika kutuluka amabwerera m'mapapo. Wodwala amayamba kubanika, amakana kugona chagada, amatsokomola thovu. Apabanja poona wafooka kwambiri amati botolo limodzi lachepa, n'kupachika lachiwiri.

Ngakhale madokotala enieni nkhaniyi inawadabwitsapo. Mu 2011 munatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anachitika m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 otentha thupi kwambiri, ambiri a iwo a malungo. Ana amene anapatsidwa madzi ambiri mumtsempha mofulumira anamwalira ochuluka kuposa amene sanapatsidwe motero: pafupifupi 10 kapena 11 pa 100 alionse m'maola 48, poyerekeza ndi 7. Ana otsegula m'mimba sanali m'kafukufukuyo, chifukwa awo madzi amawafunadi. Koma zinaonetsa kuti ngakhale m'wodi, pamaso pa akatswiri, madzi a mumtsempha ndi mankhwala amene angaphe. Mwana wonyentchera ndiye ali pangozi koposa, mtima wake suchedwa kulemedwa.

Dextrose yekha naye ali ndi msampha wake. Thupi likagwiritsa ntchito shugayo pamatsala madzi opanda mchere, amene amasungunula mchere wa m'magazi mpaka munthu kukomoka kapena kugwidwa ndi khunyu.

Ogulitsa amati vitamini wa pakamwa amawonongeka, koma wa mumtsempha amalowa yense. Kodi akunama?

Kulowa amalowadi yense. Funso ndi lakuti akalowa amapita kuti. Vitamini C ndi mavitamini a gulu la B amasungunuka m'madzi, ndipo thupi likatenga mlingo wake impso zimataya otsalawo. Mkodzo wachikasu kwambiri umene munthu amauona pambuyo pa diripi ndi vitamini B2 akutuluka, pamodzi ndi ndalama zimene analipira.

Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 75 mpaka 90 a vitamini C pa tsiku. Gwafa mmodzi wabwino amakwanitsa zimenezi, osanenanso za malambe, mango, malalanje ndi tomato za pa Saturday Market. Madiripi ena amaika magalamu 10, ena 25, kutanthauza kupitirira mlingowo maulendo 100 kapena kuposa. Mlimi wa ku Katete amadziwa kuti feteleza wothira mopitirira pa phando limodzi amawotcha chimanga chomwe amafuna kuchikuza. Thupi limasandutsa gawo la vitamini C kukhala oxalate, amene amapanga miyala ya mu impso, ndipo kwa ena amatseka timachubu ta impso mpaka kufunika dialysis, kusefa magazi ndi makina.

Pali ngozi ina imene imatikhudza ife makamaka. M'madera a malungo mu Africa anthu ambiri, makamaka amuna, amabadwa ndi vuto lotchedwa G6PD deficiency, ndipo amakula osalidziwa. Woteroyo akalandira vitamini C wochuluka mumtsempha, maselo ofiira a magazi amasweka. Mkodzo umada, maso amachita chikasu, magazi amatsika m'maola ochepa. Amene anabwera kudzawonjezera mphamvu amathera pofuna kuikidwa magazi. Kwa odwala shuga, vitamini C wochuluka amanamiza timakina tina toyezera shuga pa chala, n'kumaonetsa kuti wakwera pamene sanakwere, ndipo munthu akabaya insulin potengera nambala imeneyo akhoza kukomoka.

Za kuchiza matenda, umboni wake palibe. Mu 2018 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaimba mlandu kampani ina yogulitsa madiripi amenewa chifukwa cholengeza kuti amachiza khansa ndi matenda a mtima popanda umboni wa sayansi.

Alipo anthu ofunikadi mavitamini obaya, monga amene thupi lawo silitenga B12, kapena chidakwa chimene chagonekedwa m'wodi. Amenewo amadziwika poyezedwa. Ngakhale pellagra, matenda osowa vitamini B3 amene amagwira anthu odalira chimanga chokhachokha n'kuwadetsa khungu la m'khosi ndi m'manja, amachizidwa ndi mapiritsi ndi chakudya monga nshawa, nyemba ndi kapenta.

Koma amene anayesapo amati anamva bwino. Akunamizira?

Ambiri sakunama. Munthu amene anali ndi ludzu osazindikira amatsitsimukadi akalandira madzi, ndipo akanatsitsimukanso chimodzimodzi ndi makapu anayi a madzi kapena thobwa. Kukhala pansi ola lathunthu osagwira ntchito nakonso ndi mankhwala. Maginiziyamu amachititsa thupi kumva kufunda, ndiye munthu amati "ikugwira ntchito". Kwinako ndi chikhulupiriro: tinakula tikuona kuti nyeleti imaposa piritsi ndipo diripi imaposa nyeleti.

Babalazi bwanji? Anzanga amati botolo limodzi limachotsa zonse.

Mowa umachotsedwa ndi chiwindi pa liwiro lake, ndipo madzi a mumtsempha salifulumizitsa. Chimene diripi imathetsa ndi ludzu, lomwe madzi akumwa, tiyi ndi phala zimathetsanso.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zomwe zimabisala kuseri kwa matsire. Munthu amene wamwa kachasu kapena mowa wa m'mabotolo osadziwika, mawa lake n'kumaona mwachimbuuzi, mutu ukuwawa, akupuma mozama, mwina wamwa methanol, poizoni amene amachititsa munthu kusaona ndiponso amapha. Wina sakudzuka chifukwa shuga watsika, wina anagwa usiku n'kumenyetsa mutu, wina akusanza magazi. Onsewa diripi ya kunyumba imangowachedwetsa. Komanso munthu womwa mowa kwa zaka zambiri nthawi zambiri amakhala wopereweredwa vitamini B1, ndipo kumuika dextrose osayamba waganizira zimenezo kungamuwononge ubongo.

Nanga diripi yoyeretsa khungu?

Imeneyi ndi glutathione, kawirikawiri pamodzi ndi vitamini C wochuluka. Bungwe loona za mankhwala ku Philippines, dziko limene mchitidwewu unafala kwambiri, linachenjeza anthu mu 2011 ndiponso mu 2019, potchula kuwonongeka kwa impso ndi chiwindi komanso Stevens-Johnson syndrome, matenda amene khungu limasupuka ngati munthu wapsa ndi moto. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linanenanso mu 2015 kuti palibe jekeseni yoyeretsa khungu imene linaivomereza. Ambiri mwa mabokosi amenewa amagulidwa pa intaneti, amayenda m'zikwama, olembedwa zilankhulo zimene wogulitsa mwiniwake sangawerenge. Ndipo popeza khungu limapitiriza kupanga mtundu wake, wogula amabwererabwerera, mtsempha womwewo n'kumabayidwa sabata ndi sabata.

Mwana kapena wamkulu akutsegula m'mimba kwambiri, kiliniki ili kutali. Pamenepa diripi ya kunyumba si ingapulumutse moyo?

Funso ili ndi lomveka kuposa onse, ndipo sitingalipeputse. Kolera tikuidziwa. Kumayambiriro kwa 2023 inabuka ku Vubwi, nthawi imene kutsidya ku Malawi inali itapha anthu ambirimbiri, oposa 1,700 mliriwo usanathe. Kuyambira October 2023 inagwira Lusaka mpaka National Heroes Stadium inasanduka malo ogonekamo odwala, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 700. Wodwala kolera akhoza kutaya malita ambiri a madzi pa tsiku limodzi.

Koma yankho la kunyumba linapezeka kale, ndipo ndi ORS, madzi a moyo. Diripi ya madzi a mchere inayesedwa koyamba pa odwala kolera mu 1832 ndi dokotala Thomas Latta ku Leith, ku Scotland, ndipo kwa zaka zoposa 100 vuto linali lomweli la kwathu kuno: mabotolo ndi ochepa, odziwa kuika ndi ochepa, odwala ali kutali. Mu 1971, pa nkhondo ya ku Bangladesh, kolera inabuka m'misasa ya othawa kwawo, mabotolo n'kutha. Dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anayamba kusungunula shuga ndi mchere m'madiramu, achibale n'kumamwetsa odwala awo ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Chinsinsi chake n'chakuti matumbo, ngakhale ali ndi kolera, amakokabe mchere ukabwera limodzi ndi shuga, ndipo madzi amatsatira mcherewo.

Werengani papaketi kuti isungunulidwe m'madzi ochuluka bwanji. Mapaketi ambiri ndi a lita imodzi, koma a mu Kit Yamoyo, imene inayesedwa koyamba ku Katete ndi ku Kalomo cha m'ma 2012, ndi ang'onoang'ono a 200 ml. Madzi akhale owiritsa kapena othira klorini. Paketi ikasowa, thirani masupuni ang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi, osawonjezera mchere poganiza kuti zigwira msanga. Mwana wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml akangochita chimbudzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200 ml, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono ndi supuni. Woyamwa apitirize kuyamwa. Mwana apatsidwenso zinc, mamiligalamu 20 pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena 10 ngati sanakwane miyezi 6. Zosungunula zikagona maola 24 zitayeni.

Ngati chimbudzi chili ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti muone. Nyamukani, ndipo muzimumwetsa m'njira monse, pa njinga kapena pa ngolo pomwepo. Wouma kwambiri amafunadi Ringer's lactate, koma mitsempha yake imakhala itaphwa moti ngakhale anesi ozolowera amavutika kuipeza, ndipo madziwo amawerengedwa pa kulemera kwa thupi, wina akuyang'anira kugunda kwa mtima pafupipafupi.

Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti za kunyumba zakanika?

Kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse, maso kulowa m'kati, khungu la pamimba kuchedwa kubwerera mukalitsina, kusakodza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kulefuka kosadzutsika, kukomoka, magazi m'chimbudzi, manja ndi mapazi kuzizira. Kwa khanda, liwombo kulowa. M'nyengo yotentha ya October, makamaka kuchigwa ku Mambwe ndi ku Mfuwe, munthu amene wakhala padzuwa n'kuyamba kulankhula zosamveka thupi lili moto, muthireni madzi, mumukupize, muthamange naye.

Tili ndi wachibale amene ndi nesi. Akabwera kudzaika iyeyo pali vuto?

Kuposa kudziika wekha, inde n'kwabwinoko, chifukwa mtsempha aupeza ndipo manja asamba. Koma m'chikwama chake mulibe labu, mulibe okosijeni, ndipo nthawi zambiri akaika amapita, n'kusiya mawu akuti "likatha mutseke apa". Ngozi zambiri tazitchulazi zimabwera iye atachoka. Ndiponso timamuika pamalo ovuta. Kukana apongozi kapena amalume n'kovuta, koma zikalakwika chiphaso chake ndicho chili pachiswe, ndipo pamaliro anthu adzaloza iyeyo.

Malamulo alipo. Mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi ZAMRA motsatira lamulo la 2013 la Medicines and Allied Substances Act, ndipo mankhwala obaya mumtsempha si ogula ngati Panado. Madokotala, ma clinical officer ndi malo ochiritsira amalembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, anesi ndi azamba ku Nursing and Midwifery Council of Zambia. Wina akamalengeza kuti amayenda m'makomo ndi diripi, muli ndi ufulu womufunsa chiphaso chake, dokotala amene walamula, ndi kumene mankhwalawo achokera. Botolo logulidwa pakhomo lakuseri, kapena lodutsa pa malire a Mwami kapena a Chanida m'chikwama padzuwa, palibe angakutsimikizireni kuti ndi lenileni kapena kuti linasungidwa bwino. Likakhala la boma, ndiye kuti pali wodwala wina m'wodi amene walisowa.

Chosiyana ndi pamene chipatala chenichenicho chakonza zoti wodwala wa nthawi yaitali azisamalidwa kunyumba, dokotala atalemba, gulu la achipatala likumuyendera. Zimenezo zili ndi mwini wake woziyankhira.

Ndimangomva kufooka. Ndinapita ku kiliniki koma anangondipatsa mapiritsi. Kodi sanandinyalanyaze?

Dandaulo limeneli limamveka kwambiri pa mabenchi a ku OPD: "sanandiike n'komwe madzi". Kusaikidwa diripi nthawi zambiri kumatanthauza kuti anakuonani kuti mukutha kumwa. Chofunika kulimbikira ndi kuyezedwa. Kufooka kosatha kuno kwathu kumachokera ku malungo, kuchepa kwa magazi, shuga, TB, HIV, likodzo, njoka za m'mimba, mimba yoyamba kumene, kusagona, nkhawa, ngakhale njala yeniyeni ya mwezi wa January ndi February. Zambiri mwa zimenezi zimadziwika ndi dontho la magazi a pa chala, makhololo kapena mkodzo. Funsani kuti, "Anesi, magazi anga ali pa zingati? Shuga mwayeza?" Ngati simukupeza bwino bwererani, ndipo akhoza kukutumizani ku chipatala chachikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami.

Taganizirani munthu amene shuga wake wakwera iye osadziwa. Amamva ludzu, amakodza pafupipafupi, amaonda, amafooka. Kwa apabanja ameneyu ndiye woyenera "madzi a mphamvu", ndipo akamuika dextrose amamukankhira kukomoka.

Amene ali pa ma ARV adziwe kuti tenofovir, yemwe ali m'piritsi la TLD, amafuna impso zoyang'aniridwa, choncho vitamini C wa magalamu ambiri si wowonjezerapo mwachisawawa. Kufooka kukanenedwe ku kiliniki ya ART. Amayi oyembekezera amene akusanza osasunga kanthu amafunikadi diripi, koma ya m'wodi, chifukwa ngati BP yakwera ndipo miyendo ndi nkhope zatupa, madzi owonjezera amathamangira m'mapapo. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid a ku sikelo ndiwo owonjezera magazi.

Wina wayamba kale kulandira diripi kunyumba ndipo sakumva bwino. Tichite chiyani?

Tsekani paipi nthawi yomweyo, pa kagudumu kaja kapena poipinda ndi kuimanga. Musathirenso mankhwala ena aliwonse pofuna kukonza. Ngati akubanika ndi kutsokomola, mukhazikeni tsonga miyendo ili pansi. Ngati wachita chizungulire ndipo watuwa, mugonekeni n'kukweza miyendo. Ngati mukuganiza kuti mwalowa mpweya wambiri, agonere kumanzere. Wokomoka agone cham'mbali ndipo asamwetsedwe kanthu. Pezani galimoto msanga.

Tengani zonse: botolo, timabotolo topanda kanthu, mabokosi, ngakhale zimene mwataya kale m'bini. Mukafika nenani zoona, kuti analandira chiyani, nthawi yanji, mabotolo angati. Anesi akhoza kukalipa, koma dokotala amene akudziwa kuti munali potaziyamu kapena vitamini C wochuluka amayamba pomwepo chithandizo choyenera, pamene wobisiridwa amataya nthawi akufufuza malungo.

Ngati zinaoneka kuti zadutsa bwino, yang'anirani kwa sabata imodzi. Kutentha thupi, kunjenjemera, mzere wofiira wokwera pamkono, kutupa, mkodzo wakuda kapena wochepa, maso achikasu, zonsezi ndi za ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo mukatchule za diripiyo.

Amene walasidwa ndi nyeleti yogwiritsidwa kale ntchito, kaya ndi mwana amene anaitola kudzala, asambe pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda, apite ku kiliniki msanga. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira. Nyeleti ndi makanyula otsala muziike m'chigubu cholimba chotsekeka, mukazipereke ku kiliniki kuti akaziwotche pamodzi ndi zawo.